Musanagule pawa sapulayi ina, yambirani pakhoma

Mwezi wa Januwale, mvula ili pakati, kunabwera mayi wina ku kashopu kanga pano pa boma la Dedza atanyamula kompyuta yokulunga m'chitenje. Amachokera ku Bembeke, kumene amasindikiza makalata ndi kujambula mapepala a ana asukulu. Asanakhale n'komwe pansi anati, "Achimwene, ndapita kale ku Lilongwe kukagula pawa sapulayi yatsopano, mphwanga waiika, koma chinthuchi chili zii." Ndinawapempha chingwe chimene amalumikizira ku magetsi, ndinamasula pulagi yake n'kuyeza fyuzi. Inali itapsa. Pawa sapulayi yakale, imene anabwera nayo m'jumbo kuti nditaye, inali yamoyo. Zinandipweteka mtima, chifukwa ndalama ya basi ndi ya katunduyo inali phindu la masabata angapo.

Ndiye ine lamulo langa ndi limodzi: kuyamba pakhoma n'kumalowa pang'onopang'ono, ndipo osaweruza chipangizo usanachiyeze.

Ntchito ya pawa sapulayi, kabokosi kachitsulo ka m'kati mwa kompyuta, ndi kutenga magetsi a 230V amene ali m'masoketi athu n'kuwatsitsa kukhala 12V, 5V ndi 3.3V, amene motherboard (bolodi lalikulu limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo), hard disk ndi mafani amadya. Makompyuta ambiri a patebulo amatsata kapangidwe ka ATX kamene kampani ya Intel inatulutsa mu 1995, ndipo n'chifukwa chake mitundu ya mawaya imafanana ngakhale opanga ndi osiyana.

Yambani ndi soketi. Zikani tchaja ya foni muone ngati ikugwira. Ngati pakati pali ekisitenshoni, ichotseni kaye, kompyuta ilowe pakhoma penipeni, pakuti maekisitenshoni otchipa amakhwepa m'kati ndipo bowo limodzi limatha kufa ena akugwira. Kenako chingwe. N'chofanana ndi cha sikirini zambiri, choncho sinthanitsani muone. Mapulagi athu a mano atatu ali ndi fyuzi m'kati: yofiira ndi ya 3A, yakuda kawirikawiri ndi ya 5A, yabulawuni ndi ya 13A. Ikapsa, ikani ina ya nambala yomweyo. Kukulunga fyuzi ndi kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu ndimakuona kwambiri, ndipo ndikukupemphani musachite, chifukwa fyuzi ija ndiyo imatsekereza moto kuti usabuke m'nyumba.

Kumbuyo kwa kompyuta kuli swichi yolembedwa I ndi O. Ikhale pa I. Pa mapawa sapulayi akale palinso kaswichi kofiira kotsetsereka, kolembedwa 115 mbali ina, 230 mbali inayo. Apa samalani kwambiri ndi makompyuta amene abale atumiza kuchokera ku America, kumene magetsi a m'nyumba ndi a 120V. Kakakhala pa 115 inu n'kuzika pakhoma lathu, mumangomva phaa, utsi tolo, basi yapita. Yang'anani musanazike, makamaka ngati m'nyumba muli ana okonda kutokosa zinthu. Atsopano ambiri alibe kaswichi kameneka, amalandira okha kuyambira 100V mpaka 240V, ndipo zimalembedwa pa chikwangwani chake. Amene mumagwiritsa jenereta kapena sola ya inveta, yesani kaye kompyutayo pa magetsi wamba kwa mnzanu. Mainveta ena ang'onoang'ono amatulutsa magetsi osasalala, pawa sapulayi imalira ngati njuchi kapena kuzima yokha pamene ilibe vuto.

Pakhoma pakakhala bwino, zulani pulagi, dinani batani loyatsira kwa kamphindi kuti magetsi otsalira atuluke, tsegulani chivindikiro cha m'mbali mwa kompyuta. Musanagwire mita yoyezera magetsi, nunkhizani. Fungo la pulasitiki wopsa likachokera pa timabowo ta pawa sapulayi, nkhani yatha kale. Walitsani tochi pa fani yake. Kuno fumbi la Seputembala ndi Okutobala limadzaza makompyuta a m'mphepete mwa msewu wa M1, ndiye likakumana ndi chinyezi cha dzinja kapena nkhungu yotsika m'phiri mwezi wa Juni limasanduka matope ogwira pa zipangizo. Mphemvu ndi analimata nawo amakonda kufunda kwa m'menemo. Ndachotsamo ambiri atauma. Zunguzani fani ndi kamtengo kopyapyala. Ikakhala yolimba, ndiye kuti kabokosiko kakhala kakupsa ndi kutentha kwa nthawi yaitali.

Kabokosi kenikeniko musakatsegule. M'kati muli makapasita akuluakulu amene amasunga magetsi opitirira 300V ngakhale mutazula pulagi. Zonse zimene ndikufotokoza pano zimachitikira kunja, pa mawaya, kumene magetsi ake ndi ochepa.

Tsopano tengani mita ija, yotchedwa multimeter. Ngakhale yotchipa ya m'mashopu a hadiweya imakwana, bola batire yake ikhale yabwino, chifukwa ikafooka mita imanama. Ikani pa DC, pa 20V. Onetsetsani kuti chingwe chofiira chili m'bowo lolembedwa V, osati la 10A. Mukaiwala ichi, mita yomweyo ndiyo imachititsa shoti.

Waya amene ine ndimayamba kuyeza ndi wa pepo, pa pulagi yaikulu ya mapini 24. Anthu ambiri amamudumpha. Ameneyu amakhala ndi 5V nthawi zonse bola pawa sapulayi ili pakhoma ndipo swichi yakumbuyo ili pa I, ngakhale kompyuta ili yozima. Ndi amene amadyetsa kagawo ka motherboard kodikira kuti mudine batani. Zikaninso kompyuta pakhoma, lowetsani nsonga yakuda ya mita kumbuyo kwa pulagi ya mapini 24 ija, pamene pali waya wakuda aliyense, yofiira pa wa pepo. Mukapeza pakati pa 4.75 ndi 5.25, mbali imeneyo ili bwino. Mukapeza ziro, kapena nambala ikungovina, kompyuta singayake ngakhale mudine kangati. Makompyuta amene amavuta kuyaka m'mawa kukazizira, n'kudzayaka dzuwa litakwera, nthawi zambiri matenda awo ndimawapeza pamenepa: makapasita akalamba.

Kenako tiyatse pawa sapulayi payokha. Zimitsani swichi, zulani pulagi pakhoma, chotsani mawaya onse: pulagi yaikulu ija, ya purosesa ya mapini 4 kapena 8, za hard disk, za khadi ya zithunzi ngati ilipo. Pa pulagi yaikulu pali waya mmodzi yekha wobiriwira, pini nambala 16. Motherboard ikafuna magetsi imangomulumikiza ameneyu ndi wakuda, ndiye ife tichita zomwezo ndi dzanja. Wongolani kawaya kopanira mapepala, kapindeni ngati U, mwendo umodzi m'bowo la wobiriwira, wina m'bowo la wakuda woyandikana naye. Pakati pa kawayako kulungani tepi kuti kasakhudze chitsulo.

Mapawa sapulayi ena atsopano mawaya ake onse ndi akuda, ndiye pamafunika kuwerenga. Gwirani pulagi kapulasitiki kokolera kali m'mwamba, mabowo akuyang'ana inu. Pa mzere wa m'mwamba, bowo lachinayi kuchokera kumanzere ndilo la wobiriwira, lachisanu ndi lakuda. Pofuna kutsimikiza, pa mzere womwewo ambiri amakhala ndi bowo limodzi lopanda pini, limene kale munkakhala waya woyera wa -5V. Limenelo liyenera kukhala lachisanu ndi chitatu kuchokera kumene mwayambira. Likakhala lachisanu, mwayambira mbali yolakwika, tembenukani.

Lumikizani hard disk yakale imene simuidandaula kapena fani imodzi, chifukwa ena sayaka bwino popanda chowakoka. Zikani pakhoma, yatsani swichi. Fani ikazungulira, pawa sapulayi yamva kuitana. Ikapanda kuzungulira musafulumire kuitaya, pakuti ena amakono sazunguza fani mpaka atatentha. Yezani ndi mita.

Apa m'pamene anzanga ambiri okonza amalekezera. Fani ikazungulira amati, "Ili bho." Ayi ndithu. Kuzungulira kwa fani kukungotiuza kuti wodwala akupuma, sikukutiuza ngati angathe kulima. Kawaya kali pomwepo, nsonga yakuda pa waya wakuda, yezani mtundu uliwonse. Wachikasu ndi 12V, ndipo malire ake ndi 11.4 mpaka 12.6. Wofiira ndi 5V, kuyambira 4.75 mpaka 5.25. Wa olenji ndi 3.3V, kuyambira 3.14 mpaka 3.47. Onsewa amaloledwa kusiyana ndi 5 peresenti yokha. Wabuluu ndi -12V, amaloledwa 10 peresenti, ndipo makompyuta a masiku ano samudalira kwenikweni. Pali wina wotuwa ngati phulusa. Ameneyu ndi mthenga: pawa sapulayi ikaona kuti magetsi ake akhazikika, isanathe theka la sekondi imaika pafupifupi 5V pa waya ameneyu, kuuza motherboard kuti iyambe ntchito. Akakhala pa ziro, mafani onse amatha kuzungulira koma sikirini osaonetsa kanthu, ndipo munthu amathamangira kusintha RAM, memore ya kompyuta, yosalakwa. Dzanja likhale lodekha, nsonga ya mita isakhudze mapini awiri nthawi imodzi.

Muyeso umene ndimaukhulupirira koposa ndi wa pamene kompyuta ikugwira ntchito yolemera. Mnyamata wina wa ku Lizulu amene amakonza mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe ankadandaula kuti kompyuta yake imazima n'kuyambiranso yokha akangoyamba kutulutsa vidiyo yomaliza. Anali ataikamo Windows katatu. Payokha, pawa sapulayi yake inkaonetsa 12.1V, yokongola ndithu. Ndinabwezera mawaya onse, ndinalowetsa mita pa pulagi yopuma ya mapini anayi, ija ya wachikasu, akuda awiri ndi wofiira, ndinamuuza kuti, "Aphwanga, yambitsani ntchito ija imene imakuvutani." Tonse tinayang'ana nambala ikutsika: 11.7, 11.3, 10.9, kenako sikirini bii. Sanafunenso kuti ndimufotokozere. Inunso chitani chimodzimodzi, ndipo muyang'anenso pa sekondi yoyamba mutangodina batani, pamene ma hard disk onse akukoka pamodzi. Manambala a mu BIOS, pulogalamu ya pa motherboard imene imayamba Windows isanatseguke, amathandiza, koma zikasiyana ine ndimamvera mita.

Pali matenda amodzi amene mita wamba siona: magetsi onjenjemera mofulumira kwambiri chifukwa makapasita a kotulukira afooka kapena atupa. Amaoneka pa chipangizo chotchedwa oscilloscope, chimene ambirife tilibe. Manambala akakhala abwino koma kompyuta ikumangoima yokha, bwerekani pawa sapulayi imene mukudziwa kuti ndi yabwino, igwire tsiku lonse. Vuto likatha, mwapeza yankho.

Nanga ikapambana mayeso onse koma kompyuta osayaka? Tsatirani mawaya awiri ang'ono ochokera ku batani lakutsogolo mpaka pa motherboard, pamene palembedwa PWR SW, achotseni, khudzitsani mapini awiriwo ndi nsonga ya sikuludiraiva kamodzi. Ikayaka, lafa ndi batani. Ngati fani ikungogwedezeka pang'ono n'kuima, pawa sapulayi ikudziteteza ku shoti imene ili kwina. Chotsani zipangizo chimodzichimodzi, mukuyesa. Kawirikawiri ndimapeza bowo la USB lakutsogolo lothyoka timano, makamaka m'mashopu oika nyimbo m'mafulashi, kapena sikuluwu yogwera pansi pa motherboard. Yang'ananinso kabatire kozungulira ka CR2032, kayenera kukhala ndi 3V. Ndipo pobwezera mawaya musaiwale pulagi ya purosesa. Ikatsala, mafani amazungulira koma sikirini imakhala yakuda.

Chenjezo kwa amene muli ndi makompyuta a mu ofesi a Dell, HP kapena Lenovo, amene ndi ochuluka m'masukulu ndi m'mabungwe kuno. Ambiri a iwo, makamaka opyapyala aja, ali ndi mapulagi awoawo a mapini ochepa, ndipo pawa sapulayi imatulutsa 12V yokha, zina zonse zimatsitsidwa pa motherboard. Mitundu ndi manambala a mapini amene ndatchula sagwira pamenepo. Werengani chikwangwani cha pa kabokosi, ndipo pogula ina tengani nambala yake yeniyeni.

Mukatsimikiza kuti yafadi, pogula musakopeke ndi nambala yaikulu ya pa katoni. Yang'anani mzere wa +12V pa chikwangwani, chulukitsani ma ampeya ndi 12. Yolembedwa 500W koma pa 12V ili ndi 18A ikupereka 216W yokha kumene kompyuta ya lero imakokera kwambiri. Inyamuleninso m'manja, yopepuka ngati chitini chopanda kanthu ine ndimaisiya. Ngati ndi ya mawaya ochotseka, gwiritsani mawaya amene yabwera nawo okha, chifukwa a kampani ina amalowa bwinobwino koma m'kati analumikizidwa mosiyana, ndipo amawotcha hard disk nthawi yomweyo. Yakaunjika si yoipa, bola mupite ndi mita ndi kawaya kanu, muyeze pamaso pa wogulitsa musanatulutse ndalama.

Mayi a ku Bembeke aja ndinawabwezera yakale m'kompyuta, yatsopano ndinawauza kuti asunge m'katoni yake pamalo ouma. Ndinawapatsanso mafyuzi awiri apadera, ndi kuwapempha kuti mabingu akayamba kugunda kapena magetsi akathima azizula pulagi pakhoma, osangozimitsa swichi, ndipo akayakanso azidikira mphindi zingapo asanazike.