Momwe mungajambulire moyo wa mumsewu ku Mzuzu potsata njira imodzi ya minibasi

Ku Lisbon, ku Toronto ndi ku Melbourne kuli tramu, timasitima tamagetsi toyenda pa njanji pakati penipeni pa msewu wa m'tauni. Ojambula zithunzi kumeneko amakonda kutsata njanji zimenezi chifukwa njanji sisuntha: siteji ndi yomweyo, anthu okwera m'mawa ndi omwewo, chimene chimasintha ndi kuwala, nyengo ndi nkhope. Kuno ku Mzuzu tramu kulibe, ndipo ngakhale njanji ya sitima yeniyeni sinafike. Koma minibasi, ma Sienta ndi akabaza athu amabwereza njira zomwezo tsiku lililonse, ndipo kwa munthu wofuna kujambula moyo wa mumzinda zimenezi n'zokwanira. Foni imene muli nayo m'thumbayo ingagwire ntchitoyi.

1. Sankhani njira imodzi, muikakamire

Ambiri oyamba kumene amazungulira tauni yonse tsiku limodzi, Taifa, Zigwagwa, Katoto, Chibavi, n'kubwera ndi zithunzi zambirimbiri zosagwirizana. Inu sankhani njira imodzi yoti mungathe kuikwera popita n'kuiyenda wapansi pobwera. Kwa woyamba, ine ndingasankhe yochokera pa depoti kutsata M1 yolowera ku Ekwendeni, kudutsa m'mbali mwa bwalo la ndege, Luwinga, mpaka pa geti la Mzuni, yunivesite ya Mzuzu. Pa njira imeneyi mupeza ophunzira, anamwino opita ku chipatala chachikulu cha Mzuzu Central, amayi onyamula mabeseni a chakudya cha odwala, mathiraki a matabwa, owotcherera zitseko ndi ogulitsa makala pa njinga. Ngati mumakhala ku Mchengautuwa, Zolozolo kapena Chiputula, njira yanu ya masiku onse yopita m'tauni ndiye yabwino koposa, chifukwa anthu akukudziwani kale.

Musaderere zinthu poti mumaziona daily ayi. N'zimene zimasowa msanga. Mzuzu anayambira pa esiteti ya mitengo ya tung, yomwe njere zake amayengera mafuta, m'zaka za m'ma 1940, anakhala mzinda mu 1985, ndipo pa kalembera wa 2018 anali ndi anthu 221,272. Funsani akuluakulu amene analipo Mzuni isanayambe kulandira ophunzira mu 1999 kuti Luwinga ankaoneka bwanji. Akufotokozerani bwino ndithu, koma chithunzi choti akuonetseni n'chosowa.

2. Yambani mwaiyenda foni ili m'thumba

Ulendo woyamba ndi wongoona. Dziwani siteji imene imadzaza anthu ndi nthawi yake, pamene akabaza amaimika njinga podikira makasitomala, khoma limene lili ndi utoto wowala, ndi khonde la sitolo pamene mungabisale mvula itakupezani.

Kenako phunzirani kuwala. Mzuzu ali pamtunda wa mamita oposa 1,200 pa mapiri a Viphya, ndipo nyengo yake siifanana ndi ya ku Lilongwe kapena kunyanja. Mu June ndi July m'mawa kumagwa chifunga ndi mvula yamawawa, anthu atadzikuta majekete, zipewa zaubweya ndi zitenje. Ambiri amabisa foni nyengo imeneyi, koma ndi pamene mzindawu umaoneka kuti ndi Mzuzu. Chifunga chimabisa zikwangwani ndi mawaya osokoneza kumbuyo, munthu mmodzi wokankha njinga n'kuonekera yekha bwinobwino. Mvula ikangokata, makamaka cha mu March ndi April pamene imagwa kwambiri kuno, phula limanyezimira ndipo m'zithaphwi mumaoneka zithunzithunzi za anthu ndi maambulera. Tsitsani foni pafupi ndi madziwo muone.

Masiku a dzuwa, nthawi yabwino ndi kuyambira 6 koloko mpaka cha m'ma 8 m'mawa, komanso kuyambira 4 koloko madzulo mpaka dzuwa kulowa. Masana dzuwa lili paliwombo limaika mithunzi yakuda m'maso ndi pansi pa zipewa, ndipo pakhungu lakuda nkhope imangotayika. Mukakakamizika kujambula masana, funani anthu amene ali pamthunzi wa khonde kapena wa ambulera ya benchi ya Mpamba ndi Airtel Money.

3. Konzani chida chanu musanachoke pakhomo

Pukutani diso la kamera ndi kansalu kofewa. Zithunzi zambiri zooneka ngati zautsi vuto lake si Tecno kapena Itel ayi, ndi mafuta a zala. Yatsani timizere ta grid kuti nyumba ndi mapolo zisamapendekeke, zimitsani flash, ndipo musamakoke chithunzi ndi zala kuti chiyandikire, chifukwa pa mafoni ambiri kutero kumangodula chithunzi n'kuchiwononga. Mukafuna chinthu chikule, sunthani miyendo.

Gwirani pa sikirini pamene pali nkhope ya munthu kuti foni iyeze kuwala pamenepo. Pa mafoni ambiri mukakanikiza osachotsa chala kwa kamphindi, muyezowo umakhazikika osasinthanso. Batani la voliyumu limajambulanso, ndipo limathandiza kuti foni isagwedezeke.

Amene muli ndi kamera, lenzi ya 28mm kapena 35mm ndiyo yoyenera mumsewu. Ikani kabowo kolowetsa kuwala pa f/8, shutter (nthawi imene kamera imatsegukira kuwala) pa 1/250 ya sekondi kwa anthu oyenda pansi ndi 1/500 kwa njinga zamoto, ISO (muyezo wa mmene kamera imamvera kuwala) muisiye idzisankhire yokha. Mukafuna kabaza aoneke bwino koma kumbuyo kukhale kothamanga, tsitsani shutter ifike 1/30 n'kumutsata ndi kamera pamene akudutsa. Zambiri zidzalephereka, musadandaule. Chinyezi cha kuno chimameretsa nkhungu mkati mwa lenzi, choncho sungani kamera m'chidebe chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel timene timabwera m'mabokosi a nsapato. Musaiwale power bank ndi kajumbo kotchingira mvula.

4. Popita kwerani, pobwera tsikani

M'minibasi khalani kumanzere, pawindo. Ndi mbali ya chitseko, ya siteji ndi ya anthu oyenda pansi, ndipo mukamapita ku Luwinga m'mawa dzuwa limakhala mbali inayo, kuwalira zimene mukujambula m'malo mokuthobwani. Windo likakana kutseguka, gunditsani foni pagalasi kuti zithunzithunzi za m'kati zisalowe. Jambulani galimoto ikaima kapena ikamanyamuka, osati ili pa liwiro. Mkono usatuluke panja, pena foni imapita ndi wina pasiteji.

M'kati momwemo mulinso zambiri: dzanja la kondakitala litapinda ndalama pakati pa zala, maso a dalaivala pagalasi loonera kumbuyo, thumba la mpunga wa Kilombero pamiyendo ya munthu. Manja ndi katundu sizivuta. Nkhope ya munthu amene mwapanikizana naye mpando, yambani mwapempha.

Zithunzi zenizeni zimabwera pobwerera wapansi. Apa njira yake ndi kupeza kaye malo, munthu abwere pambuyo. Mwaona khoma lofiira lowalidwa ndi dzuwa lam'mbali? Imani, konzani chithunzi chonse, siyani mpata pamene munthu adzadutse, ndipo dikirani. Zili ngati kuwedza ndi mbedza, suthamangitsa nsomba. Pakapita mphindi khumi kapena makumi awiri anthu amatopa nanu n'kubwerera ku ntchito zawo, ndiye mumayamba kuona zimene munadzera. Wina akadutsa jambulani kangapo motsatizana, chifukwa mwendo ukakhala m'malere chithunzi chimakhala ndi moyo kusiyana ndi miyendo yonse ili pansi.

Yang'ananinso m'mphepete mwa chithunzi musanakanikize. Polo yamagetsi yomera pamutu pa munthu, kapena phazi lodulidwa, zimawononga chithunzi chabwino. Yesani kuti m'chithunzimo mukhale zinthu zitatu: china pafupi, monga chiwongolero cha njinga, china pakati, munthu amene nkhani ili pa iye, china kutali, minibasi kapena mapiri a Kaning'ina.

5. Moni ndiye chilolezo choyamba

Gawo ili ndi limene limagonjetsa ambiri, ndipo n'lofunika kuposa kamera. M'mabuku a ojambula akunja amalimbikitsa kujambula mwakabisira munthu asakudziwa. Ku Mzuzu, komwe mayi wa tomato amene mwamuba chithunzi lero mukakumana naye mawa kutchalitchi kapena pamaliro, khalidwe limeneli silikufikitsani patali. Chithunzi cha msewu wonse, anthu ali ambiri ndipo palibe amene mwalunjika, palibe vuto kwenikweni. Koma munthu mmodzi akakhala mwini chithunzi, mulankhuleni.

Anthu amamva Chichewa, koma moni wa m'Chitumbuka woti "Monire amama, mwawuka uli?" amatsegula khomo msanga, ndipo "Yewo chomene" pomaliza saiwalika. Nenani zoona: "Amama, ndikujambula zithunzi za msewu uno momwe timakhalira. Ndingakujambuleni mukugulitsa? Mukakana palibe mlandu." Adzakufunsani kuti, "Mukufuna mukatiike pa Facebook?" Funso limeneli n'lomveka, chifukwa anthu aona anzawo akusandutsidwa choseketsa pa intaneti, ndipo ena amaganiza kuti mwatumidwa ndi a khonsolo kudzajambula ogulitsa m'malo osaloledwa. Yankhani mosabisa kumene chithunzicho chipite. Akakana, thokozani n'kupita. Mukajambula aonetseni, ndipo akati mufufute, fufutani iwo akuona.

Anthu akangovomera amaima chilili, manja m'mbali, nkhope ya pachiphaso. Jambulani chimenecho, n'chawo. Kenako pitirizani kucheza, gulani nthochi kapena chipisi cha pachiwaya, ndipo kasitomala wina akafika iwo n'kutanganidwa, jambulani chanu.

Pasiteji ya kabaza kapena ya minibasi yambani mwaonana ndi tcheyamani. Mumsika, ngati mukufuna kukhalitsa, dziwitsani akomiti. Za ndalama: ine sindilipira munthu kuti ndimujambule, chifukwa mukayamba msewu wonse udzakuikirani mtengo, koma kugula malonda ake ndi kumubweretsera chithunzi chotsukitsa ndimaona kuti n'chilungamo. Ngati chithunzicho mudzachigwiritsa ntchito potsatsa malonda, imeneyo ndi nkhani ina, pamafunika mgwirizano wolemba.

Ana musawajambule popanda kholo kapena mphunzitsi, ngakhale iwo eni akukuthamangirani akukuwa kuti "Tijambuleni!" Woledzera, wodwala misala, wovulala pangozi ndi wodwala pageti la chipatala asiyeni. Gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, ndipo lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza ena kudzera pa intaneti.

6. Kumene foni iyenera kubwerera m'thumba

Ku Moyale Barracks, ku State Lodge, ku ndende, pa polisi ndi pa rodibuloko musajambule. Pali lamulo la Protected Places and Areas Act lokhudza malo otetezedwa, ndipo simungafune kukalimvera muli pa kauntala. Pa bwalo la ndege ndi pa mabanki funsani kaye alonda. Wapolisi akakufunsani, musathawe kapena kubisa foni. Muonetseni zimene mwajambula ndipo mukhale ndi chiphaso chanu.

7. Sankhani mopanda chisoni, lembani, sungani

Mukafika kunyumba musathamangire kuponya pa intaneti. Gonani kaye, mawa musankhe zitatu kapena zisanu zokha. Pulogalamu ya pafoni yokonzera zithunzi ya Snapseed ndi yaulere ndipo ndi yokwanira: wongolani chopendekeka, walitsani pang'ono mithunzi kuti nkhope zioneke, basi. Musathire mitundu mpaka dothi la ku Chibavi lifiire ngati tomato, ndipo musayeretse khungu la munthu.

Chithunzi chilichonse chikhale ndi mawu ake: malo, tsiku, nthawi ndi chimene chikuchitika, monga "Siteji ya Luwinga, Lachiwiri m'mawa, July, akabaza akudikira chifunga chichoke." Dzina la munthu lembani pokhapokha iye atalola. Mukhozanso kulemba pambali mtengo wa minibasi kapena wa mulu wa usipa tsiku limenelo, chifukwa pakadzapita zaka khumi anthu adzadabwa nazo kuposa chithunzicho.

WhatsApp imachepetsa chithunzi mukachitumiza mwachizolowezi, ndiye potumiza kokatsukitsa chitumizeni ngati document. Akaunti ya Google imapatsa 15GB yaulere; kwezani zosankhidwa zokhazo mukapeza Wi-Fi kapena bandulo yausiku, ndipo zina muzisunge pa flash kapena pa kompyuta. Sabata yotsatira bwererani pa siteji yomweyo, nthawi yomweyo, mutanyamula zithunzi zotsukitsa za anthu amene munawalonjeza.