Momwe mungadziwire ngati mlongoti wapadenga ukuwerengedwa pa msinkhu wa nyumba yosanja

Nyumba ina imaoneka yaitali ndi maso, koma m'mabuku n'kupezeka kuti yapitiriridwa ndi inzake yooneka yaifupi. Chimasiyanitsa ndi chitsulo chimene chaima padenga. Amene amagamula nkhanizi ndi bungwe la ku Chicago loona za nyumba zitalizitali, lomwe lakhala likudziwika ndi dzina loti CTBUH, ndipo njira yawo mutha kuitsatira nokha.

Yambani ndi poyambira kuyeza. Si pamaziko ayi, komanso si kunsi koimika magalimoto. Muyambire pakhomo lotsikitsitsa limene anthu oyenda pansi amalowerapo kuchokera panja.

Kenaka yang'anitsitsani chitsulocho, poti apa ndiye pagona nkhani. Dzifunseni kuti: atachichotsa lero, nyumbayo ikhalabe monga anaijambulira mmisiri wake? Ngati ndi nsonga yomangidwira kumodzi ndi nyumbayo, yoti kuichotsa n'kudula mutu wa nyumba, iwerengereni. Ngati ndi eriyo ya wailesi kapena kanema, chikwangwani, kapena mtengo wa mbendera, isiyeni. Zimenezi mwini nyumba atha kuzizula kapena kuzitalikitsa tsiku lililonse.

Lamuloli ndi limene linawawitsa mitima anthu a ku Chicago mu 1996. Sears Tower, yomwe pano ikutchedwa Willis Tower, ndi yotalika mamita 442 kufika padenga, ndipo ma eriyo ake sanawerengedwe. Petronas Towers ya ku Kuala Lumpur inafika mamita 452 chifukwa cha nsonga zake, n'kulanda ufumu wa nyumba yaitali koposa padziko lonse, chikhalirecho munthu wokhala m'chipinda chapamwamba ku Sears anali pamwamba kuposa mnzake wa ku Petronas. Ine ndimawamvetsa odandaulawo.

Chitsulo china chimagwira ntchito ziwiri, ndiye musafulumire kugamula. Mlongoti wa One World Trade Center ku New York umanyamula zida zoulutsira mawu, ndipo eni ake anasiya kuuveka chikuto chomwe chinali papulani. Ambiri ankati yangotsala eriyo basi. Mu 2013 bungweli linati ndi nsonga yokhazikika, motero nyumbayo inalembedwa mamita 541, ngakhale denga lake lili pa mamita 417.

Onetsetsaninso kuti chimene mukuyezacho ndi nyumbadi. Theka la msinkhu wake, kapena kuposera apo, likhale malo oti anthu n'kukhalamo kapena kugwiramo ntchito. N'chifukwa chake CN Tower ya ku Toronto, ya mamita 553, ili m'gulu la nsanja, osati la nyumba.

Pomaliza, musakhutire ndi nambala imodzi. Bungweli limalemba zitatu: kufika pansonga ya nyumba, kufika pothera penipeni kuphatikizapo eriyo, ndi kufika pachipinda chapamwamba chimene anthu amagwiritsa ntchito. Yachitatuyi ndi imene ndimaifuna kwambiri, poti imaonetsa pamene phazi la munthu limapondadi. Burj Khalifa ya ku Dubai ndi yotalika mamita 828, koma chipinda chake chomaliza chili pa mamita pafupifupi 585.