Fyuzi ya magetsi a pa dashibodi ikamangopsa: momwe mungapezere shoti

Mwanyamuka pa Lizulu chakumadzulo kulunjika ku Dedza, mwayatsa magetsi, pa dashibodi pangoti bii. Mwaika fyuzi ina, yapsanso musanafike pa Bembeke. Fyuziyo ilibe mlandu. Penapake waya wamoto wasupuka ndipo akugunda chitsulo cha galimoto, fyuzi ikupsa kuti mawaya asayake.

Choyamba imani, mutsike mukaone kumbuyo. M'galimoto zambiri, kuphatikizapo ma Toyota ochokera ku Japan amene adzaza mu M1, fyuzi yolembedwa TAIL imayatsa dashibodi pamodzi ndi mapakingi, magetsi ofiira akumbuyo ndi la pa nambala. Ngati nawonso azima, musapitirize ulendo. Mu nkhungu ya mu June kuno ku Dedza, wa thiraki akubwera kumbuyoyo sakuonani.

Kenako onani pa chivindikiro cha bokosi la mafyuzi kuti pamenepo pamafunika ya nambala yanji. Ya 7.5A imakhala yabulawuni, ya 10A yofiira, ya 15A yabuluu, ya 20A yachikasu. Chonde musaikepo yaikulu kuposa yolembedwayo, ndipo kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya ayi ndithu. Mukatero waya ndiye amatentha m'malo mwa fyuzi, mpaka moto kubuka mkati mwa dashibodi.

Kuti musathe ndalama pogula mafyuzi, tengani babu la indiketa la 21W, mulilumikize mawaya awiri, muwabaye m'mabowo awiri momwe mumalowa fyuzi. Yatsani mapakingi. Shoti ikakhalapo babulo limawala kwambiri, ikachoka limangoyaka mozilala. Tsopano zulani zinthu chimodzichimodzi, wina akuyang'anitsitsa babulo.

Ine ndimayambira pa wailesi. Mawailesi ambiri obwera ndi galimoto za ku Japan amagwira FM kuyambira 76 mpaka 90, choncho ambiri timawasinthitsa. Kumbuyo kwa wailesi kuli waya wochokera ku magetsi a dashibodi, amene pa mawailesi ogula amakumana ndi wa mtundu wa lalanje. Magetsi ali ozima, waya ameneyu amaoneka ngati wa ethi (wopita ku chitsulo cha galimoto) ukamuyeza, ndiye woika wailesi mothamanga amamulumikiza molakwika kapena kumusiya ali pamtunda wopanda tepi. Ngati vutoli linayamba mutangoikitsa wailesi, zulani pulagi yake muone.

Babu likapitiriza kuwala, pitani kumbuyo. Zulani pulagi ya nyali yakumanzere, kenako yakumanja, kenako ya pa nambala. Yang'anani dzimbiri ndi madzi m'zokhalira mababu. Pa Probox kapena Sienta, futukulani kalabala kodutsa mawaya pa mahinji a chitseko chakumbuyo, chifukwa kutsegula ndi kutseka tsiku ndi tsiku kumawathyola. Amene mumanyamula chimanga ndi mbatatesi, makoswe nawo amatafuna mawaya.

Kukakhala bwino kumbuyoko, zulani kaswitchi kochepetsera kuwala kwa dashibodi. Ndipo ngati fyuzi imapsa pokhapokha mukamadutsa m'mabampu, gwedezani mitolo ya mawaya ndi dzanja mpaka babu lithwanime.

Mukapapeza, chotsani kaye waya wa negativu pa batire. Dulani pomwe pawonongeka, mulumikize ndi mtovu, mukulunge tepi, mumange wayayo patali ndi chitsulo chakuthwa, ndiyeno mubwezere fyuzi ya nambala yake. Shoti ikakhala mkati mwa mita yoonetsa liwiro momwemo, pitani nayo kwa amakanika a zamagetsi.