Pamene woitana ndi woyankha sakumvana pa mtundu wa deta

Inu olemba mapulogalamu omwe zigawo zake zimakhala pa makompyuta osiyanasiyana, pali chinthu chimodzi chimene ndimaona chikukutayitsani nthawi kwambiri. Mukaitana method yomwe ili mu pulogalamu yanu yomweyo, compiler imayang'ana ngati zomwe mwapereka zili za mtundu woyenera, ndipo mukalakwitsa imakana nthawi yomweyo. Koma method ikakhala pa seva ina, compiler ya mbali yanu siiona mbali inayo. Imangoona stub, kachidutswa ka khodi koimirira object ya kutali. Stub imatenga zomwe mwapereka, kuzisandutsa mabaiti ndi kuzitumiza pa netiweki, ndipo seva imazimasulira potsata zomwe iyo ikudziwa. Mbali ziwirizi zikamangidwa kuchokera ku mafotokozedwe osiyana, aliyense amaona ngati ali bwino, chonsecho sakumvana.

Kusamvanaku kumabwera pawiri. Kwina kumachita phokoso, kwina kumadutsa mwakachetechete. Kwaphokoso musakuope, kumakuthandizani. Mu Java RMI, njira ya Java yoitanira method ya pa kompyuta ina, yomwe inabwera ndi JDK 1.1 mu 1997, class iliyonse yotumizidwa pa netiweki imakhala ndi nambala yotchedwa serialVersionUID. Mukapanda kuilemba nokha, Java imaiwerengera kuchokera ku kapangidwe ka class, choncho kungowonjezera method imodzi mbali imodzi kumasintha nambalayo, ndipo mbali inayo imakana ndi InvalidClassException. Zimakwiyitsa, koma mwadziwa pomwe pali vuto. Lembani nambalayi nokha, ndipo muziisintha pokhapokha mwasinthadi class mwanjira yoti yakale ndi yatsopano sizingawerengane. Chinanso chofala mu RMI ndi kutenga object yomwe yachokera ku registry (kaundula wa ma object a kutali) n'kuipanga cast kukhala class ya pa seva. Chomwe mwalandira ndi stub, ndipo chimangodziwa interface. Pangani cast ku interface, apo ayi mukumana ndi ClassCastException.

Kwakachetechete ndiko kumandidetsa nkhawa, ndipo kawirikawiri kumakhudza manambala. Tengani CORBA, njira ina yoitanira ma object a kutali, yomwe bungwe la Object Management Group (OMG) linatulutsa koyamba mu 1991. Mu IDL ya CORBA, chilankhulo chofotokozera interface, long ndi nambala ya mabiti 32, pomwe mu Java long ndi ya mabiti 64. Wofuna mabiti 64 mu IDL ayenera kulemba long long. Dzina ndi limodzi, kukula n'kosiyana, ndipo munthu wozolowera Java amapusitsika mosavuta. Mwina mukuti CORBA ndi yakale, anaichotsa kale mu Java 11 mu 2018. Zoona, koma vutolo silinapite nayo limodzi.

Onani gRPC, njira yoitanira seva yomwe Google inatulutsa mu 2015 ndipo imagwiritsa ntchito Protocol Buffers, momwe kapangidwe ka uthenga kamalembedwa mu fayilo ya proto. Nambala yaikulu kwambiri yokwana mu int32 ndi 2,147,483,647. Tinene kuti osamalira seva asintha field kuchoka ku int32 kupita ku int64 chifukwa manambala akukula, koma pulogalamu yoitana idakali ndi fayilo yakale ya proto. Malinga manambala ali ang'onoang'ono, zonse zimayenda, mwina miyezi yambiri. Tsiku lomwe seva idzatumize 3,000,000,000, woitana adzadula mabiti apamwamba n'kuwerenga -1,294,967,296. Palibe exception, palibe chenjezo, nambala yolakwikayo ingolowa mu database ngati yabwino. Mudzaizindikira wina akadzadandaula kuti chiwerengero chake chasanduka cha negative, ndipo pofika nthawiyo simudzakumbukiranso kuti munasintha chiyani.

JavaScript nayo ili ndi malire ake. Nambala wamba ya mu JavaScript imasunga molondola manambala athunthu mpaka 9,007,199,254,740,991 basi. ID ya mabiti 64 ikadutsa pamenepo, manambala omalizira amasintha okha. Twitter inakumana nazo mu 2010 itayamba kupanga ma ID aakulu, ndipo inawonjezera field ya id_str yomwe imatumiza ID yomweyo ngati zilembo. Protocol Buffers imachitanso chimodzimodzi: ikamasandutsa uthenga kukhala JSON, int64 imalembedwa ngati string. Langizo langa ndi lakuti ID iliyonse yomwe simudzaiphatikiza kapena kuichotsera muziitumiza ngati string kuyambira pachiyambi. Ndalama musamazitumize ngati float kapena double, chifukwa mumtundu umenewu 0.1 kuphatikiza 0.2 sizipereka 0.3 yeniyeni. Tumizani nambala yathunthu ya timagawo tating'ono kwambiri ta ndalamayo, pamodzi ndi dzina la ndalamayo.

Pali kusiyana kwina komwe ngakhale IDL yolembedwa bwino siingagwire. Mbali zonse zagwirizana kuti ndi double, koma wina akunena masekondi, wina mamilisekondi. Chombo cha NASA cha Mars Climate Orbiter chinatayika mu 1999 chifukwa pulogalamu ina inkapereka zotsatira mu pound-force seconds pomwe yolandira inkayembekezera newton seconds. Mankhwala ake ndi osavuta moti ena amawanyoza: ikani muyezo m'dzina la field. Lembani timeout_ms, osangoti timeout.

Nanga tsiku ndi tsiku muzichita chiyani? Fayilo yofotokoza interface, kaya ndi IDL, proto kapena interface ya Java, ikhale imodzi, pamalo amodzi, ndipo mbali zonse zizipanga ma stub kuchokera pamenepo nthawi iliyonse yomanga pulogalamu. Chizolowezi chokopera fayiloyi pamanja n'kuiika mu project ya mnzanu ndicho chimabala mavuto ambiri omwe ndatchulawa. Pofuna kusintha, onjezerani, musasinthe chomwe chilipo. Mu proto, chomwe chimayenda pa netiweki ndi nambala ya field, osati dzina lake. Mukafuna mtundu wina, pangani field yatsopano ndi nambala yatsopano, muzidzaza zonse ziwiri mpaka oitana onse atasamuka, kenako chotsani yakaleyo ndi kulemba nambala yake pansi pa reserved kuti wina asadzaigwiritsenso ntchito pa chinthu china.

Kumbukiraninso kuti seva ndi oitana sasinthidwa tsiku limodzi, makamaka ngati woitanayo ndi app ya pafoni yomwe mwini wake sanaisinthe chaka chathunthu. Musanatulutse seva yatsopano, iyeseni ndi woitana wakale, komanso yesani woitana watsopano ndi seva yakale. Poyesapo musangotumiza 1, 2 ndi 3. Tumizani 2,147,483,648, tumizani nambala ya negative, string yopanda kanthu, ndi field yosadzazidwa, chifukwa mu proto3 field wamba ya nambala ikasowa imawerengedwa ngati 0, ndipo simungasiyanitse 0 weniweni ndi chosatumizidwa pokhapokha mwailemba kuti optional.