Kupeza ndalama zokaonetsera kafukufuku wanu ku msonkhano wa akatswiri

Tsiku limene imelo inafika yonena kuti abstract yanga (chidule cha kafukufuku chimene mumatumiza kwa eni msonkhano) yalandiridwa, ndinasangalala kwa maola awiri okha. Nditakhala pansi n'kuwerengera ndalama yolembetsera, tikiti ya ndege, malo ogona mausiku anayi ndi viza, ndinapeza kuti zikuposa ndalama yanga ya mwezi wonse. Mwezi womwewo kumudzi ankadikira fizi ya mng'ono wanga. Abale anga amene mukuchita Masters kapena PhD ku UK, ku South Africa ndi kwina, ndalama zoyendera zilipo, koma kawirikawiri sizichokera m'thumba limodzi. Zimatoleredwa pang'onopang'ono, ndipo kutolerako kuyambe abstract isanatumizidwe n'komwe.

Yambani ndi kalata ya scholarship yanu, muiwerengenso mofatsa. Commonwealth Scholarship ili ndi gawo la ndalama zothandizira maulendo okhudza maphunziro, mkati mwa UK kapena kunja. Amene PhD yawo ikulipiridwa ndi UKRI, bungwe la boma la UK lopereka ndalama za kafukufuku, nthawi zambiri amakhala ndi ndalama yotchedwa Research Training Support Grant, imene imagwiranso ntchito pa misonkhano. Ambirife timangoyang'ana ya lendi ndi chakudya, enafe mpaka kumaliza maphunziro osaikhudza ndalama imeneyi.

Mukatero kagogodeni kwa a supervisor anu. Apa ndi pamene Amalawife timadzimana tokha. Tinaleredwa kuti kupempha ndalama kwa munthu wamkulu ndi kusowa ulemu, ndiye timangokhala chete. Kuno kunja sizili choncho. A supervisor ambiri ali ndi ndalama za polojekiti zokhala ndi gawo la maulendo, ndipo ophunzira anzathu amazipempha mosaona nkhope. Safunsa anadya phula. Musapite ndi mawu oti "ndithandizeni" okha. Pitani ndi pepala limodzi lolembapo dzina la msonkhano, masiku, mtengo wa chinthu chilichonse, ndi kumene mwapemphako kale. Dipatimenti ndi ofesi ya ophunzira a postgraduate nazonso zimakhala ndi kathumba kake, ndipo ambiri amakonda kuwonjezera pamene wina waikapo kale kusiyana ndi kusenza katundu yense.

Kwachitatu ndi kwa eni msonkhano. Kwa amene muli pa zaumoyo, International AIDS Society imapereka thandizo pa misonkhano yake, lomwe limatha kulipira kulembetsa, ulendo ndi malo ogona. American Society of Tropical Medicine and Hygiene nayo imapereka ndalama zoyendera ku msonkhano wake wa chaka ndi chaka. A mbiri yakale ku UK aone Royal Historical Society, a zachilengedwe aone British Ecological Society. Mabungwe ambiri otere amafuna mukhale membala, ena kwa miyezi ingapo musanapemphe, choncho lembetsani msanga pa mtengo wa ophunzira. Chenjerani ndi tsiku lotsekera: nthawi zambiri limayandikana ndi la abstract, osati ndi la msonkhano. Amene amadikira kuti ayambe alandiridwa amapeza chitseko chatsekedwa kale.

Pali kamsampha kena kotikhudza ife okhala kunja. Misonkhano yambiri imatsitsa mtengo kwa ochokera m'mayiko osauka potengera mndandanda wa World Bank, ndipo Malawi ali pamenepo. Koma ena amayang'ana pasipoti, ena amayang'ana yunivesite imene muli. Mmalawi wa ku Edinburgh akhoza kulipiritsidwa ngati mzungu wa ku Edinburgh. Alembereni eni msonkhano, mufotokoze kuti kafukufuku wanu munachitira ku Malawi ndipo mukudzilipirira nokha. Funsaninso ngati akufuna ophunzira othandiza pa tebulo lolembetsera kapena m'zipinda zokambiramo, chifukwa ambiri amachotsa ndalama yolembetsera kwa otere.

Tsopano viza, chimene anzathu a mapasipoti a ku Ulaya sachiganizira n'komwe. Viza yanu yophunzirira ku UK sikulowetsani ku France kapena ku Germany. Mufunika ya Schengen (viza imodzi yolowera mayiko ambiri a ku Ulaya), yomwe kuyambira mu June 2024 ndi mayuro 90, kuphatikizapo ndalama ya ofesi yolandirira mafomu ndi inshulansi ya zaumoyo yosachepera mayuro 30,000. Mukhoza kupempha kutatsala miyezi 6 kuti munyamuke, ndipo chovuta kwambiri ndi kupeza tsiku lokaonekera, makamaka nyengo yotentha. Za ku America ndiye zolimba kwambiri: mu August 2025 boma la kumeneko linayamba kulamula Amalawi ndi a ku Zambia opempha viza ya ulendo waufupi kupereka chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000. Onani malamulo a nthawi imeneyo musanatumize abstract. Ndalama za viza muzilembe pa bajeti yanu poyera, ndipo pemphani kalata yokuitanani tsiku lomwelo limene mwalandiridwa. Kwa amene msonkhano wanu uli ku Cape Town kapena ku Johannesburg, pasipoti ya Malawi imalowa popanda viza kwa masiku 30.

Chimene chinandipweteka ine ndi ichi: ndalama zambiri zimabwera pambuyo. Mumalipira nokha, kenako amakubwezerani. Ine ndinadikira miyezi iwiri chifukwa risiti imodzi ya basi inasowa, ndipo miyezi iwiriyo kumudzi sindinatumize kalikonse. Choncho funsani ngati dipatimenti ingagule yokha tikiti ndi kulipira kulembetsa kudzera ku ofesi yake, kapena kukupatsaniko gawo musananyamuke. Jambulani risiti iliyonse pafoni nthawi yomweyo, sungani boarding pass, ndipo fomu yobwezera ndalama muipereke sabata yomwe mwabwerera.

Pomaliza, si imelo iliyonse yokuitanani imene ili ya msonkhano weniweni. Pali makampani amene amalandira abstract iliyonse m'masiku awiri, n'kusonkhanitsa za ulimi, za mano ndi za makompyuta m'chipinda chimodzi cha hotelo. Yunivesite ikhoza kukana kubweza ndalama zimenezo. Musanalipire kalikonse, aonetseni a supervisor anu kalatayo, muonenso ngati akatswiri amene mumawawerenga pa ntchito yanu anapitako chaka chatha.