Momwe mungapangire tizithunzi ta thumbnail kuchokera m'mavidiyo omwe anthu akweza

Vidiyo yopanda kachithunzi koonetsa zomwe zili mkati imangooneka ngati bokosi lakuda, ndipo anthu amangoidutsa. Kachithunzi kameneka, komwe timati thumbnail, mungathe kukatulutsa mu vidiyo momwemo pogwiritsa ntchito FFmpeg, pulogalamu yaulere.

Yambani ndi kuika FFmpeg pa seva, kompyuta yomwe imayendetsa tsamba lanu la pa intaneti. Pa Ubuntu kapena Debian lembani sudo apt install ffmpeg, ndipo ffprobe, pulogalamu yoonera zambiri za fayilo ya vidiyo, imabwera nayo limodzi.

Vidiyo ikafika, isungeni ndi dzina lopanga nokha. Dzina lomwe wabwera nalo wokweza musalilowetse mu lamulo lopita ku seva, chifukwa wa zolinga zoipa atha kubisamo malamulo ake. Mukatero funsani ffprobe kutalika kwa vidiyoyo:

ffprobe -v error -show_entries format=duration -of csv=p=0 vidiyo.mp4

Ambiri amaphonya posankha malo otengapo chithunzi. Amangotola chakumayambiriro kwenikweni, chomwe kawirikawiri chimakhala mdima wokhawokha, kapena chosaoneka bwino poti wojambulayo anali asanaigwiritse foni. Sunthirani patsogolo pang'ono, mwina masekondi atatu. Ikakhala yaifupi kuposa pamenepo, tengani cha pakati, apo ayi simupeza kanthu.

ffmpeg -ss 3 -i vidiyo.mp4 -frames:v 1 -vf "scale=320:-2" kachithunzi.jpg

Onetsetsani kuti -ss ili patsogolo pa -i. Mukatero FFmpeg imalumphira pafupi ndi malowo m'malo mowerenga vidiyo yonse kuchokera koyamba, ndipo pa mafayilo akuluakulu kusiyana kwake kumaoneka. Nambala 320 ndi mulifupi. -2 imawerengera yokha msinkhu kuti nkhope za anthu zisaphwatalale. Ine pa -vf ndimakonda kulemba "thumbnail,scale=320:-2", chifukwa apo FFmpeg imayang'ana zithunzi 100 zotsatizana n'kusankha choimira bwino zinzake.

Chinthu chimodzi ndikupemphani: ntchitoyi isachitike munthu akudikira pa tsamba. Anthu khumi akakweza nthawi imodzi, seva imalemedwa ndipo aliyense amangoona tsamba likuzungulira. Ikani ntchitoyo pa mzere pogwiritsa ntchito pulogalamu yondandalika ntchito, monga Celery ngati mumalemba Python, muuzeni wokweza kuti vidiyo yafika, kachithunzi kabwere pambuyo. Muikenso malire a nthawi kuti fayilo yoonongeka isatsekereze zinzake.

Pomaliza, sungani adiresi ya kachithunziko mu database ndipo muiike pa poster mu tagi ya video ya HTML, pomwe pamatchulidwa chithunzi chooneka vidiyo isanayambe. Pomwe FFmpeg yalephera, onetsani chithunzi china chomwe munakonzeratu.