Mabuleki atasiya kugwira pamtsetse wa ku Thabwa

Fumbi la msewu wa East Bank ndi loipa: limamatirira pa limu la njinga, mphira za mabuleki n'kuyamba kuterera. Potsika mapiri a ku Chikwawa pa tala wa M1, njinga yanga inkangolira kwiii osaima, pamene makhotawo ndi oopsa, malole ali pambuyo.

Ndinachotsa mphirazo, n'kuzipala ndi sandipepa mpaka kunyezimira kutatha, ndinazula timiyala tomwe tinalowamo, limu n'kulitsuka ndi madzi a sopo. Oyilo asayandikire pamenepo ayi! Waya wa mabuleki ndinaukoka pang'ono n'kumanganso ndi sipanala.

Potsika tsopano ndimagwira n'kutaya, kugwira n'kutaya, chifukwa kukanikiza osalekeza kumatenthetsa limu, ndiye ndi dzuwa la kuchigwa kuno chubu sichichedwa kuphulika.